Konrad Lorenz: katswiri wa ukali amene nkhanza za kwawo zidamupita pansi

Tonse tili naye mnzathu wa mtima wapachala. Ungomuponda chala mu minibasi, chibakera chafika kale. Ukamufunsa mtima utatsika, amakuuza kuti ndi mmene adabadwira, ngakhale agogo ake ankatero. Koma kodi n'zoona kuti ukali timabadwa nawo? Munthu amene adathera zaka zambiri pa funso limeneli ndi Konrad Lorenz wa ku Austria, ndipo moyo wake umaliyankha bwino kuposa mabuku amene adalemba.

Lorenz adabadwa pa 7 November 1903 mumzinda wa Vienna. Bambo ake, Adolf Lorenz, adali dokotala wotchuka wa mafupa, ndipo banjali lidali ndi chinyumba ku Altenberg, kufupi ndi mtsinje wa Danube. Mnyamatayu adadzaza pakhomopo ndi abakha, nsomba, agalu ndi mbalame zamitundumitundu. Bambo ake ankafuna akhale dokotala ngati iwo, choncho mu 1922 adamutumiza ku Columbia University ku New York, koma sadakhalitseko. Adabwerera ku Vienna, n'kumaliza maphunziro a udokotala mu 1928. Mu 1933 adatenganso digiri ina ya sayansi ya zinyama, komwe kudali mtima wake.

Chidayamba kumutchukitsa ndi atsekwe. Potsatira ntchito ya katswiri wa mbalame Oskar Heinroth, Lorenz adaonetsa kuti kamwana ka tsekwe kakangotuluka m'dzira kamatenga chinthu choyenda chimene kayamba kuchiona ngati mayi wake. Mukasaka dzina lake pa intaneti mupeza zithunzi za bambo wandevu akuyenda, tiana ta atsekwe tili pamzere pambuyo pake. Paja amati m'mera mpoyamba. Mu 1936 adakumana ndi Niko Tinbergen wa ku Netherlands, ndipo awiriwa adayala maziko a sayansi yophunzira khalidwe lachibadwa la nyama, yomwe imatchedwa ethology.

Apa ndi pomwe nkhani ikuda. Mu 1938 dziko la Germany, pansi pa Adolf Hitler, lidameza Austria, ndipo chaka chomwecho Lorenz adalowa chipani cha Nazi. Mu 1940 adalemba pepala la sayansi lonena kuti anthu a m'mizinda akufooka mtundu ngati ziweto, ndipo kuti ofookawo ayenera kuzulidwa pakati pa anzawo. Nthawi imeneyo n'kuti boma la Nazi lili mkati kupha anthu aulumali ndi odwala matenda a misala. Chaka chomwecho adapatsidwa mpando wa pulofesa ku Königsberg. Mu 1941 adalowa usilikali, ndipo ali ku Poznań m'dziko la Poland adathandiza nawo kafukufuku wa Anazi woyeza anthu obadwa kwa makolo achijeremani ndi achipolishi. Pomwe iye ankachita izi, mnzake uja Tinbergen adali m'ndende ya Anazi kwa zaka ziwiri chifukwa chotsutsa kuchotsedwa ntchito kwa aphunzitsi anzake achiyuda ku yunivesite ya Leiden.

Mu 1944 asilikali a Soviet Union adamugwira, ndipo adakhala mkaidi wa nkhondo zaka zinayi akugwira ntchito ya udokotala m'makampu. Ali konko adalemba buku pa mapepala a matumba a simenti. Adabwerera kwawo mu 1948, n'kuyambanso ntchito yake ya nyama, kenako n'kukhala mmodzi wa akuluakulu a bungwe la kafukufuku la Max Planck ku Seewiesen ku Germany.

Mu 1963 adatulutsa buku lomwe lidagwedeza dziko, Das sogenannte Böse, lomwe m'Chingerezi lidatuluka mu 1966 ndi dzina loti On Aggression. Mfundo yake yoyamba idali kusiyanitsa njala ndi ukali. Mkango ukamagwira mbidzi sukwiya ayi, ukufuna chakudya basi. Ukali weniweni ndi wa nyama yolimbana ndi inzake ya mtundu womwewo, ndipo uli ndi ntchito: kugawana malo odyera, kusankha yamphongo yamphamvu, ndi kuteteza ana.

Mfundo yachiwiri idali yoti ukali umadzadza m'thupi ngati madzi m'thanki, ndipo ukapanda kutulutsidwa umaphulika wokha. Umboni wake adautenga ku nsomba za banja la cichlid, banja lomwelo la chambo ndi mbuna za m'nyanja ya Malawi. Adaona kuti yamphongo ikasowa mdani m'thanki yagalasi imatembenukira mkazi wake, mwina mpaka kumupha. Koma akaika ina yamphongo kuseri kwa galasi, ukali wonse umathera kwa mlendoyo, pabanja n'kukhala bata.

Yachitatu ndi imene imakhudza anthufe. Lorenz ankati nyama za mano ndi zikhadabo zoopsa, monga mimbulu, zili ndi mabuleki achibadwa: yogonja ikaonetsa kuti yagonja, yopambana imaleka. Nkhunda ilibe mabuleki otere chifukwa ilibe zida, ndipo kuthengo yogonja imangouluka. Iye adatsekerapo nkhunda ziwiri m'khola limodzi, n'kupeza ina itajomphedwa mpaka kutsala pang'ono kufa. Kwa iye munthu ali ngati nkhunda yomwe yatola mfuti. Tidabadwa opanda zida, choncho mabuleki athu ndi ofooka, koma tidapanga mkondo, mfuti ndi bomba zomwe zimapha patali, osaona nkhope ya munthu akulira.

Bukuli lidagulidwa kwambiri, ndipo mu 1973 Lorenz adalandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Tinbergen ndi Karl von Frisch, katswiri wa njuchi. Koma sayansi siopa imvi. Patangopita chaka chimodzi, Jane Goodall ndi anzake ku Gombe m'dziko la Tanzania adayamba kuona anyani a mtundu wa chimpanzi a gulu la Kasakela akusaka ndi kupha anzawo a gulu la Kahama. Pofika 1978 gulu la Kahama lidali litatha. Ofufuza ena adapeza kuti mimbulu imaphana kwambiri pokanganirana malo, ndipo mkango wamphongo ukalanda gulu umapha ana a mnzake. Ndiye kuti mabuleki aja si olimba monga ankaganizira mkuluyu.

Nkhani ya thanki nayonso idabooka. Kale mu 1961, Albert Bandura wa ku Stanford University adaonetsa kuti ana akaona munthu wamkulu akumenya chidole, nawonso amachimenya mofanana. Ukali umaphunziridwa. Mu 2002, Brad Bushman adakwiyitsa dala ophunzira a ku yunivesite, ena n'kuwauza amenye thumba la ankhonya akuganizira amene wawalakwira, ena angokhala chete. Omenya thumba aja adatuluka ali okwiya kuposa okhala chete. Choncho langizo lija loti tulutsa mkwiyo, phwanya mbale kuti mtima utsike, ndi labodza. Ukamazolowera kuphulika ndi pomwe umaphulika msanga.

Sikuti Lorenz adalakwitsa zonse. Mizu ya ukali ilidi m'thupi. Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala komwe kamaliza belu kakaona choopsa, mtima n'kuyamba kuthamanga, thupi n'kukonzekera kumenya kapena kuthawa. Koma kutsogolo kwa ubongo, kuseri kwa chipumi, kuli chigawo china chomwe chimaganiza za mawa n'kuletsa dzanja. Chigawo chimenechi chimamaliza kukhwima munthu ali ndi zaka pafupifupi 25, ndipo mowa, kusagona ndi nkhanza zimene mwana wakulira nazo zimachifooketsa. Achinyamata, mwamva pamenepo? Mkwiyo kubwera si mlandu wanu, koma chimene dzanja lichite chili ndi mwini wake.

Mfundo yake ya kupha patali ndiye yangokhala ngati ankaonera mafoni athuwa. Mawu amene sitingayerekeze kumuuza munthu maso ndi maso timawalemba pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp tikuseka, chifukwa nkhope ya wotukwanidwayo sitikuiona. Adachenjezanso za kutentha mtima kwa gulu, pomwe munthu wabwinobwino amachita zimene sangachite ali yekha. Aliyense amene adaonapo kanema wa khamu likugenda gogo pomuganizira ufiti akudziwa chimene ankatanthauza.

Chomvetsa chisoni n'chakuti iye mwini adagwa mu msampha womwewo. Palibe mbiri yoti Lorenz adali munthu wa zibakera. Ankakonda nyama, ankasambira ndi atsekwe ake, adakwatira Margarethe Gebhardt yemwe ankasewera naye ali ana. Komabe adapereka cholembera chake ndi ulemu wa sayansi ku boma lomwe lidapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni. Nkhanza zimenezo sizidaphulike m'thanki ya chibadwa. Zidakonzedwa m'maofesi ndi anthu ophunzira, odekha, ovala mataye, ataphunzitsidwa kuona anzawo ngati namsongole.

Polandira mphoto ya Nobel adapepesa pa zimene adalemba mu 1940, koma sadaulule zonse za umembala wake wa chipani ndi ntchito ya ku Poznań. Zaka zake zomaliza adazithera poteteza chilengedwe: adalimbana ndi malo opangira magetsi a nyukiliya ku Zwentendorf mu 1978, ndiponso damu la magetsi ku Hainburg pa mtsinje wa Danube mu 1984. Adamwalira pa 27 February 1989 ku Vienna. Mu 2015 yunivesite ya Salzburg idamulanda digiri yaulemu yomwe idamupatsa, itaunikanso mbiri yake ya nthawi ya Nazi.

Ndiye mnzanu uja akadzanenanso kuti ndi chibadwa chake, muuzeni kuti belu la mu ubongo aliyense ali nalo, koma mabuleki amachita kuphunzira. Ndipo inu amene simudamenyepo munthu musadzitame msanga. Lorenz naye adali wofatsa, koma gulu litaloza anthu oti ndi osafunika, iye adavomera.