Clements Kadalie: Mtchona wa ku Chifira

Anzanga owerenga bolodi lino, ulendo uno ndakutengerani mbiri ya munthu amene amadziwika kwambiri ku South Africa kuposa kwathu kuno, chonsecho mchombo wake unagwera ku Nkhata Bay. Dzina lake ndi Clements Kadalie. Ndamusankha chifukwa ambirife tili ndi abale ku Joni, ndipo funso limene linamutsatira iye moyo wake wonse likuwatsatiranso iwo: ukakhalitsa kwa eni, kwanu kumakhala kuti?

Kadalie anabadwa mu 1896 m'mudzi wa Chifira, pafupi ndi mishoni ya Bandawe. Anali Mtonga, mdzukulu wa mfumu Chiweyu. Anaphunzira ku Livingstonia ndipo anatuluka ndi setifiketi ya uphunzitsi asanakwanitse zaka 20. Choko anachigwira pang'ono chabe. Masiku amenewo malipiro ku Nyasaland anali ochepa, msonkho uli pakhosi, ndiye anyamata ambiri ankalowera kummwera. Mu 1915 naye ananyamuka. Anayamba wagwira ntchito ku Mozambique, kenako anakakhala kalaliki m'migodi ya ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe. Mu 1918 anafika ku Cape Town, kumathero kwenikweni kwa Africa.

Kumeneko anapeza anthu akuda akusenza katundu padoko tsiku lonse, malipiro ake osakwanira n'chakudya chomwe. Mu Januwale 1919 iye ndi anzake anayambitsa bungwe la anthu apantchito lotchedwa Industrial and Commercial Workers' Union, mwachidule ICU. Mu Disembala chaka chomwecho ogwira ntchito padoko ananyanyala ntchito, ndipo chaka chotsatira malipiro awo anakwezedwa. Boma litaona kuti mnyamatayu akusokosa, linakumbukira kuti si mbadwa. Mu 1920 linalamula kuti athamangitsidwe m'dzikomo. Mwamwayi lamulolo linafafanizidwa, ndipo iye anatsala.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandigwira mtima. Mu 1913 boma la azungu ku South Africa linali litakhazikitsa lamulo la malo limene linasiyira anthu akuda kachigawo kakang'ono, pafupifupi magawo 7 pa 100 alionse a dziko lonse. Mabanja ambiri anasanduka alendo pa nthaka ya makolo awo. Ankakhala m'mafamu a azungu, kulipira malo ndi thukuta lawo, zofanana ndi thangata imene timaphunzira m'kalasi ija. Mwini famu akakwiya, banja lonse linkapezeka pamsewu ndi ng'ombe zake, manda a makolo n'kuwasiya m'mbuyo. Anthu otere ndi amene anakhamukira ku ICU cha m'ma 1926 ndi 1927. Tangoganizani, munthu amene anasiya kwawo ndiye ankatsogolera anthu olandidwa kwawo. Akuluakulu sananame kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Pofika 1927 bungweli linali ndi mamembala pafupifupi 100,000, likulu lake litasamukira ku Johannesburg, lili ndi nyuzipepala yakeyake, The Workers' Herald. Panthawiyo panalibe gulu lina la anthu akuda lalikulu chonchi m'dzikomo, ngakhale ANC yomwe. Chodabwitsa n'chakuti Kadalie pamisonkhano ankalankhula Chingerezi, ena n'kumamasulira, chifukwa zilankhulo za eni dziko sankazidziwa bwino. Koma anthu ankadzazabe mabwalo. Chaka chomwecho anapita ku Geneva ndi ku Britain kukafotokoza mavuto a antchito akuda.

Tisamunamizire ungelo ayi. Bungwe lija linakula msanga kuposa mmene atsogoleri ake akanathera kulisamala. Ndalama za mamembala sizinkayenda bwino, ndipo atsogoleri anayamba kukangana. Mu 1928 nthambi ya ku Natal, motsogozedwa ndi A.W.G. Champion, inapatuka. Mabanja a m'mafamu amene ankayembekezera kubwezeredwa malo sanaone kanthu, ndipo ambiri anagwa mphwayi. Mkangano ukafika povuta, adani ake ankamukumbutsa kuti ndi wobwera. Mu 1929 Kadalie anachoka mu ICU n'kuyambitsa bungwe lina laling'ono.

Akanatha kulongedza n'kubwerera kunyanja. M'malomwake anakakhazikika ku East London, mzinda wina wa padoko. Mu 1930 anatsogoleranso kunyanyala ntchito kumeneko ndipo anamangidwa. Anakhala mumzindawo ndi banja lake mpaka imfa yake mu Novembala 1951. Buku la mbiri ya moyo wake limene analemba yekha, My Life and the ICU, linasindikizidwa mu 1970, mwini wake atagona kale. Mdzukulu wake, Rhoda Kadalie, anadzakhala mmodzi mwa omenyera ufulu wa anthu odziwika bwino ku South Africa. Dzina lochokera ku Chifira linamera mizu kumeneko.

Nanga kwawo kwa Kadalie kunali kuti? Ine ndikuona kuti kunali kuwiri, ndipo palibe chifukwa chomulanda kumodzi. Ku Chifira ndi ku Livingstonia kunam'patsa chilankhulo, mtundu ndi maphunziro. Ku Cape Town ndi ku East London iye anapereka mphamvu zake, mpaka kulowa m'ndende chifukwa cha anthu amene sanali a mtundu wake. Kwanu kwina umabadwira, kwina umachita kukhetsera thukuta.

Mu 2008 ndi mu 2015 Amalawi ambiri anabwerako ku South Africa pa mabasi, atathawa ziwawa zodana ndi anthu obwera. Ena mwa othamangitsawo mwina agogo awo anali ndi khadi la ICU m'thumba. Koma tisaloze chala kutali kokha. Pasukulu pano pali anzathu amene makolo awo anachokera maboma ena, ena anasamutsidwa ndi madzi osefukira, ena akukhala kwa achibale kapena m'tinyumba ta lendi kuti ayandikire sukulu. Tisanamuseke wina chifukwa cha kalankhulidwe kake, tiyambe tam'funsa za kwawo. Muli nkhani zambiri m'kalasi mwathumu zimene sitinazimvepo.

Wanu,
Wophunzira wa Fomu 3