Thomas Becket Woyera, Bwenzi la Mfumu

Thomas Becket anabadwira mu mzinda wa London, mwana wa munthu wamalonda. Pokhala mnyamata wanzeru, analowa ntchito kwa Theobald, Arkiepiskopi wa ku Canterbury, amene anamuonetsa kwa mfumu Henry II. M'chaka cha 1155 mfumuyo inamuika nduna yosunga chidindo chake. Awiriwo anakondana koposa: anali kudyera pamodzi, kusaka nyama pamodzi, ndipo ngakhale kunkhondo anapita onse.

Atamwalira Theobald, Henry anayesa kuti bwenzi lake likakhala pa mpando wa Canterbury, Eklezia adzagwa m'manja mwa mfumu. Motero mu 1162 Thomas anadzozedwa unsembe, ndipo m'mawa mwake analandira uepiskopi. Koma iye anasiya unduna uja, nayamba moyo wodzimana. Mkangano unabuka pa milandu ya ansembe: mfumu inafuna kuti azilangidwa m'mabwalo ake, Thomas nakana. Mu 1164 anathawira ku France, nakhala komweko zaka 6.

Atabwerera kwao mu 1170, mfumu inalankhula mau aukali. Ankhondo ake anayi atamva mauwo, ananka ku Canterbury, namupha m'tchalitchi chachikulu pa 29 December. Papa Alexander III anamulemba m'gulu la Oyera mu 1173, ndipo chaka chotsatira Henry anadza wopanda nsapato kudzalapa pa manda ake.

Olemba mabuku a nthano za makedzana amaukonda ubwenzi umenewu kufikira lero, pakuti Thomas anakondadi mfumu yake, koma anaikaniza za Mulungu.