Moyo wa Thomas Dorsey, Kholo la Nyimbo za Gospel

Makwaya ambiri a ku Nkhata Bay, ngakhalenso a m'Malawi monse, amayimba nyimbo zotchedwa gospel, namawomba m'manja ndi kuyendetsa thupi. Koma ndi owerengeka amene adamvapo za munthu amene adalambula njira imeneyi, ndiye Thomas Andrew Dorsey wa ku America, amene adayamba watchuka ndi nyimbo za blues asanatumikire m'tchalitchi.

Dorsey adabadwa pa 1 July 1899 m'mudzi wa Villa Rica, m'chigawo cha Georgia. Atate ake adali mlaliki wa mpingo wa Baptist, wolima m'munda wa eni ake, ndipo amai ake ankaliza limba. Padali patapita zaka 34 chithere ukapolo, koma umphawi ndi tsankho zidali zisanawachoke anthu akuda. Pakati pa anthu amenewa ndi pamene padabadwa nyimbo za blues, m'mene munthu amadandaula za njala, ngongole kapena bwenzi lomuthawa, akukoka mawu monga achitira amai pamtondo.

Banja litasamukira ku Atlanta, mnyamatayo adasiya sukulu nayamba kugulitsa zakumwa m'nyumba ya zisudzo. M'menemo ankapenyetsetsa zala za oliza piyano kufikira iyenso adadziwa. Posakhalitsa ankaliza usiku wonse m'nyumba za mowa ndi za madansi. Pofika 1919 adali atakhazikika ku Chicago, kumene anthu akuda ankakhamukira pofuna ntchito, monga Atonga ankapitira ku Joni ndi ku Harare. Mu 1924 adakhala mtsogoleri wa bandi ya Ma Rainey, mai wodziwika koposa pa nyimbo za blues, ndipo mu 1925 adakwatira Nettie Harper.

Ulemererowo sudampatse mtendere. Kuyambira 1926 adagwidwa ndi nthenda ya maganizo, nakhala pafupi zaka ziwiri osatha kugwira ntchito. Atachira adatsimikiza zotumikira Mulungu, nayamba kupeka nyimbo za mapemphero zokhala ndi kamvekedwe ka blues. Tsono apa ndi pamene padagona vuto. Matchalitchi akuluakulu a anthu akuda ku Chicago ankanyadira nyimbo za ku Ulaya, ndipo abusa ambiri adakana nyimbo zakezo poziyesa zochokera kumowa. Posowa ndalama, Dorsey adabwerera kumene adachoka. Mu 1928, pansi pa dzina lakuti Georgia Tom, adajambula ndi woliza gitala Tampa Red mbale za galamafoni za mawu olaula, zimene zidagulidwa kwambiri. Koma mapanga awiri avumbwitsa: ndalamazo zidalowa m'madzi pamene banki yake idagwa, ndipo mtima wake udakhalabe wogawikana.

Khomo lidayamba kutseguka mu 1930, pamene imodzi mwa nyimbo zake idayimbidwa pa msonkhano waukulu wa mipingo ya Baptist, anthu naikonda. Mu 1931 iye ndi Theodore Frye adayambitsa kwaya pa tchalitchi cha Ebenezer, ndipo mu 1932 adakhala woyimbitsa pa tchalitchi cha Pilgrim, ntchito imene adaigwira zaka zoposa 40.

Chaka chomwecho, m'mwezi wa August, ali ku St. Louis pa msonkhano wa chitsitsimutso, adalandira uthenga wa pa lamya wakuti mkazi wake wamwalira pobereka. Mwana wamwamuna amene adabadwayo adatsatira amake posachedwa, ndipo awiriwo adaikidwa m'bokosi limodzi. Dorsey adasweka mtima kotero kuti adafuna kuleka zoyimbira Mulungu. Koma ali m'kati mwa chisonicho adakhala pa piyano napeka nyimbo yotchedwa Precious Lord. Kukoka mawu kuja, kumene adakuphunzira m'nyumba za mowa, ndi kumene kudanyamula pemphero lake. Kuchokera pamenepo adanka nazisiya nyimbo za kumowa mpaka adazitsazika.

Mu 1933, pamodzi ndi Sallie Martin ndi anzake ena, adakhazikitsa bungwe la makwaya a gospel a m'dziko lonselo. Ankayenda m'mizinda kuphunzitsa oyimba ndi kugulitsa mapepala a nyimbo zake. Adayendanso zaka zingapo ndi Mahalia Jackson, amene adampekera nyimbo ya Peace in the Valley, imene Elvis Presley adaijambula mu 1957. Pa 4 April 1968 ku Memphis, Martin Luther King adapempha kuti Precious Lord iyimbidwe pa msonkhano wa usiku umenewo, ndipo patangopita kamphindi adawomberedwa. Mahalia Jackson ndiye adaiyimba pa maliro ake. Dorsey adamwalira ku Chicago pa 23 January 1993, ali ndi zaka 93.

Ngakhale munthuyu sadali Mkatolika, mkangano umene adakumana nawo udafikanso mu Eklezia, pakuti kudali nthawi imene ng'oma ndi visekese sizinkaloledwa pa Misa. Pa 4 December 1963 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udalamula kuti nyimbo za makolo a mitundu ya anthu zilemekezedwe ndi kupatsidwa malo oyenera pa chipembedzo.

Akatekisiti ndi oyimbitsa makwaya angatolepo nzeru ziwiri. Yoyamba: mnyamata woliza gitala kumowa asapirikitsidwe, koma aitanidwe ndi kuphunzitsidwa, pakuti luso lake ndi mphatso imene yangosochera. Yachiwiri: nyimbo ya Dorsey idakhudza mitima chifukwa idatuluka m'misozi yeniyeni. Kwaya yoyimbira kuti anthu aitame ingakhale ndi zoliza zonse, koma siidzatonthoza wamasiye ngakhale mmodzi.