Elizabeth Barrett Browning

Elizabeth Barrett Browning (6 Malichi 1806 – 29 Juni 1861) anali mlakatuli wa ku England. Amadziwika kwambiri chifukwa cha ndakatulo 44 zachikondi zimene analembera mwamuna wake, mlakatuli Robert Browning, zomwe poyamba sankafuna kuti zisindikizidwe.

Ubwana wake

Elizabeth anabadwira ku Coxhoe Hall m'chigawo cha Durham ndipo anali woyamba m'banja la ana 12. Chuma cha banjali chinkachokera ku minda ya nzimbe ku Jamaica, komwe kunkagwira ntchito akapolo. Anayamba kulemba ali mwana, moti mu 1820 bambo ake analipira kuti ndakatulo yake yaitali, The Battle of Marathon, isindikizidwe. Ali ndi zaka 15 anayamba kudwaladwala ndipo thanzi lake silinabwererenso mwakale.

Ukwati wake

Buku lake la mu 1844 lotchedwa Poems linamutchukitsa. Robert ataliwerenga anamulembera kalata mu Januwale 1845, ndipo anaonana koyamba mu Meyi chaka chomwecho ku London. Bambo a Elizabeth sankalola mwana wawo aliyense kulowa m'banja. Choncho awiriwa anamanga ukwati mobisa pa 12 Sepitembala 1846, ndipo patangotha sabata imodzi anathawira ku Italy. Bambo ake anamumana cholowa ndipo sanamukhululukire mpaka kumwalira kwawo.

Ndakatulo zachikondi

Elizabeth analemba ndakatulozi ali pa chibwenzi, m'zaka za 1845 ndi 1846. Iliyonse ili ndi mizere 14, potsatira kalembedwe ka mlakatuli wa ku Italy, Petrarch. Zoyambirira zimaonetsa mkazi wokayika, yemwe akudziona wodwala komanso wamkulu kuposa womufunsirayo, poti Elizabeth ankaposa Robert ndi zaka 6. Zakumapeto zimaonetsa mtima womwe wakhazikika ndi kulandira chikondicho.

Ndakatulozi anazibisa pafupifupi zaka zitatu. Robert anaziona koyamba mu 1849 ku Bagni di Lucca, ndipo anamulimbikitsa kuti azisindikize. Vuto linali lakuti zinkaulula za m'nyumba mwawo. Pofuna kuphimba zimenezi, anazipatsa mutu wakuti Sonnets from the Portuguese, kuti owerenga aziganiza kuti zamasuliridwa kuchokera ku Chipwitikizi. Ndakatulo 43 zinatuluka mu 1850, ndipo imodzi inaonjezedwa mu 1856. Ya nambala 43 ndiyo yotchuka kwambiri ndipo imawerengedwa pa maukwati m'mayiko olankhula Chingerezi.

Zaka zomaliza

Banjali linakhazikika mumzinda wa Florence, m'nyumba yotchedwa Casa Guidi, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anabadwa mu 1849. Elizabeth analembanso ndakatulo zodzudzula ukapolo komanso kugwiritsa ntchito ana m'mafakitale. Mu 1856 anatulutsa Aurora Leigh, nkhani yaitali yolembedwa mwandakatulo yonena za mlakatuli wamkazi. Anamwalirira ku Florence ali ndi zaka 55 ndipo anaikidwa m'manda a Angerezi mumzinda womwewo.