Rotimi Fani-Kayode

Rotimi Fani-Kayode (20 Epulo 1955 – 21 Disembala 1989) anali wojambula zithunzi wochokera ku Nigeria amene anagwira ntchito yake mumzinda wa London ku England. Amadziwika ndi zithunzi za thupi la mwamuna wakuda, zomwe ankazijambula mu situdiyo pofuna kufotokoza za moyo wake: kumene anachokera, chipembedzo cha makolo ake, umuna wake, komanso kukhala mlendo m'dziko la eni. Ntchito yake yodziwika anaigwira kwa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi zokha, kuyambira 1983 mpaka 1989, koma amawerengedwa pakati pa ojambula zithunzi a ku Africa otchuka kwambiri a nthawi imeneyo.

Ubwana ndi banja

Fani-Kayode anabadwira ku Lagos m'banja lolemekezeka la Ayoruba lochokera ku Ile-Ife, mzinda umene Ayoruba amautenga kuti ndi kuchimake kwa mtundu wawo. Makolo a banjali anali ndi udindo pa chipembedzo cha makolo mumzindawo. Bambo ake, Remilekun Fani-Kayode, anali loya komanso wandale, ndipo anakhalapo wachiwiri kwa nduna yaikulu ya chigawo cha kumadzulo kwa Nigeria.

Mu Januwale 1966 gulu la asilikali linaukira boma la Nigeria. Nduna yaikulu ya chigawocho, Samuel Akintola, inaphedwa, ndipo bambo a Rotimi anagwidwa ndi asilikaliwo koma anapulumuka. Chaka chomwecho banjali linachoka m'dzikomo n'kukakhala ku Brighton, kummwera kwa England. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Nigeria inayamba mu 1967 n'kutha mu 1970. Rotimi anakulira kunja, ndipo anaphunzira m'masukulu olipira monga Brighton College ndi Millfield. Mng'ono wake, Femi Fani-Kayode, anadzakhala nduna m'boma la Nigeria.

Maphunziro

Mu 1976 anapita ku America. Anatenga digiri yoyamba pa yunivesite ya Georgetown ku Washington mu 1980, kumene anaphunzira zachuma ndi zaluso. Kenaka analowa sukulu ya Pratt Institute ku New York ndipo anatenga digiri yachiwiri, ya zaluso ndi kujambula zithunzi, mu 1983. Ali ku New York anadziwana ndi Robert Mapplethorpe, mzungu wa ku America amene ankajambulanso amuna akuda osavala. Mu 1983 anabwerera ku England n'kukhazikika ku Brixton, dera la London kumene kumakhala anthu ambiri ochokera ku Africa ndi ku Caribbean.

Ntchito yake

Fani-Kayode sankajambula zochitika za mumsewu ngati mtolankhani. Chithunzi chilichonse ankachikonzekera: ankasankha munthu, kaimidwe kake, nsalu, zipatso, nthenga, maluwa kapena chigoba chakumaso, kenaka n'kuwalitsa mbali ina ya thupi, kumbuyo kuli mdima. Akatswiri amafanizira kagwiritsidwe kake ka kuwala ndi mthunzi ndi ka Caravaggio, wojambula ndi penti wa ku Italy. Poyamba zithunzi zake zambiri zinali zakuda ndi zoyera, koma chakumapeto kwa moyo wake anajambula zamitundu yowala.

Ngakhale pamene woonekayo anali munthu wina, nkhani ya chithunzicho inali ya iye mwini. M'nkhani yake yotchedwa Traces of Ecstasy, yomwe inatuluka m'magazini ya Ten.8 mu 1988, anafotokoza kuti ankadziona kukhala wapadera pa zinthu zitatu. Choyamba, ankakonda amuna anzake. Chachiwiri, anachotsedwa kwawo ndi pa chikhalidwe chake ali mwana. Chachitatu, sanakhale bambo wapabanja wa ntchito yolemekezeka monga momwe makolo ake ankayembekezera. Iye ankaona kuti zimenezi zinamupatsa ufulu wojambula mosaopa, popeza analibe zambiri zoti n'kutaya.

Zithunzi zake zambiri zimatsamira pa chipembedzo cha Ayoruba. Mu Sonponnoi, cha 1987, muli thupi la mwamuna lopakidwa madonthomadontho, mutu wake sukuoneka, litanyamula makandulo atatu oyaka. Dzinali ndi la mzimu wa nthomba wa Ayoruba, umene umabweretsa matenda komanso umachiza. Anthu ambiri amachimva kuti chikunena za Edzi ndi kusalidwa kwa odwala. Mu Bronze Head, cha chaka chomwecho, mwamuna wakhalira mutu wamkuwa wa mtundu wa zosemasema zakale za ku Ife, ngati kuti akuubereka. Zigoba zakumaso nazo sizinali zokongoletsera chabe. Pakati pa Ayoruba pali egungun, amene amatengedwa kuti ndi mizimu ya makolo yodzacheza ndi amoyo, monga momwe Achewa a ku Msundwe, Nsaru kapena Kabudula amaonera gule wamkulu. Pophimba nkhope, Fani-Kayode ankasonyeza thupi ngati malo amene mzimu ungafikirepo.

Apa ndi pamene anasiyanirana ndi azungu ambiri amene anajambula anthu akuda iye asanabwere. Kuyambira nthawi ya atsamunda, thupi la munthu wakuda linkajambulidwa ngati chinthu choti ena achiyeze kapena achisirire. M'zithunzi za Fani-Kayode wojambula ndi wojambulidwa nthawi zambiri onse anali akuda, ndipo mwamuna ankaoneka wofatsa, wopemphera, wofooka kapena wokondedwa, osati wamphamvu zokhazokha.

Mu 1988 anatulutsa buku la zithunzi lotchedwa Black Male/White Male. Chaka chomwecho anathandiza kukhazikitsa Autograph, bungwe la ojambula zithunzi akuda ku Britain, ndipo anakhala wapampando wake woyamba. Inali nthawi yovuta: Edzi inkapha anthu ambiri, ndipo mu 1988 boma la Margaret Thatcher linakhazikitsa lamulo la Section 28, loletsa makhonsolo kulimbikitsa nkhani za maubwenzi a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha.

Ankakhala ndi bwenzi lake Alex Hirst, Mngelezi wopanga mafilimu, amene ankagwira naye ntchito. Fani-Kayode atamwalira, zithunzi zina zinasindikizidwa ndi mayina a onse awiri, ndipo izi zinadzetsa mtsutso pa funso lakuti mwini ntchitoyo anali ndani kwenikweni.

Imfa ndi chikumbutso

Fani-Kayode anamwalira ku London pa 21 Disembala 1989 ali ndi zaka 34. Mtima wake unaima atadwala matenda obwera chifukwa cha Edzi. Hirst nayenso anamwalira patangopita zaka zochepa.

Mbiri yake inakula iye atapita kale. Zithunzi zake zinaonetsedwa pa chionetsero cha ojambula a ku Africa chotchedwa In/sight ku Guggenheim Museum ku New York mu 1996, komanso pa Venice Biennale mu 2003. Zina zimasungidwa ku Tate ndi ku Victoria and Albert Museum mumzinda wa London. Bungwe la Autograph likadalipo, ndipo ndilo limasamalira ntchito yake yochuluka.