Dorothea Bate: Anaphunzira Posankha Mafupa

Ambiri a ife timanyinyirika aphunzitsi akatipatsa ntchito yobwerezabwereza, monga kuyeza, kuwerengetsera ndi kulemba m'kope. Moyo wa Dorothea Bate ukutionetsa kumene ntchito yotere ingamufikitse munthu.

Mayi Bate anabadwa pa 8 November 1878 ku Carmarthen, m'dziko la Wales. Kusukulu sanapite patali, ndipo payunivesite sanapondepo. Mu 1898, ali ndi zaka 19, anapita ku Natural History Museum mumzinda wa London kukapempha ntchito. Anawapatsa yosanja zikopa za mbalame, ndipo kenako anayamba kuyeretsa mafupa akale. Malipiro ankatengera kuchuluka kwa zimene agwira. Matebulo amenewo ndiwo anali kalasi yawo: ankayerekeza dzino ndi dzino, fupa ndi fupa, mpaka kumazindikira nyama poona kachidutswa chabe.

Luso limeneli anapita nalo kumapanga. Mu 1902 anapeza mafupa a njovu yaing'ono pachilumba cha Cyprus. Mu 1909, ku Majorca, anatulukira nyama yonga mbuzi imene asayansi sankaidziwa, ndipo anaitcha Myotragus.

Pambuyo pake akatswiri ofukula zakale anayamba kuwadalira. Dorothy Garrod atafukula mapanga a paphiri la Carmel, mayi Bate ndiwo anafufuza mafupa a nyama zimene anthu akalewo ankadya. Pa gawo lililonse la dothi anawerenga mafupa a nyama ziwiri: fallow deer, yokonda nkhalango, ndi gazelle, yokonda malo ouma. Mmene chiwerengero chinkasinthira, iwo anaonamo kusinthasintha kwa nyengo, kuchoka pa yamvula kupita pa youma. Zotsatirazi zinatuluka mu 1937 m'buku la The Stone Age of Mount Carmel. Akatswiri ena anadzatsutsa kuti mafupawo angasonyezenso nyama zimene alenje ankakonda. Komabe mkanganowo unatheka chifukwa mayiwa anali atawerenga mosamala ndi kulemba zonse.

Nyumba ya zakaleyo inadzawalemba ntchito yokhazikika mu 1948, patatha zaka 50, kuti aziyang'anira nthambi ya ku Tring. Anamwalira pa 13 January 1951.

Ife tili ndi aphunzitsi, laibulale ndi digiri imene ikutidikira, zinthu zimene iwo analibe. Chotsala n'chakuti tikhale pansi ndi ntchito yotopetsa ija, tiigwire molondola ngakhale palibe wotiyang'ana.