Bishopo Charles Mackenzie wa ku Magomero

Pa cikondwerero ici ca mpingo wathu tiyenera kukumbukira amene anaumba njerwa za nyumba yathu yopemphereramo, ndiponso ena akale amene sanaponde konse kuno ku Lilongwe, koma anatisiyira mbiri yoti tiilingalire. Ife a ku Kaliyeka tidziwa njala, monga ija ya 2002. Tidziwa kolera wa 2023, ndi madzi a mvula ogwetsa nyumba usiku. Cifukwa cace tifotokoza za munthu amene anakhala m'dziko muno miyezi yosakwana caka, masiku onsewo ali pakati pa anthu osauka ndi othawa nkhondo.

Charles Frederick Mackenzie anabadwa ku Scotland m'caka ca 1825. Anaphunzira ku Cambridge, nakhala katswiri wa masamu, kotero kuti pa mayeso a 1848 anaposedwa ndi munthu mmodzi yekha. Akadafuna, akadakalamba mumtendere ali kuphunzitsa komweko. Koma mu 1855 anamka ku Natal kukalalikira. David Livingstone atadandaulira ophunzira a ku Cambridge mu 1857 za malonda a akapolo, Akristu a Eklesia wa Anglican anapangana kutumiza amishoni ku mtsinje wa Shire, ndipo Mackenzie anadzozedwa bishopo ku Cape Town pa 1 January 1861.

Mu July caka comweco, ali kukwera mapiri pamodzi ndi Livingstone, anafika pa mudzi wa Mbame. Pomwepo panatulukira ulendo wa akapolo omka nao ku Tete, amuna ali m'magoli, akazi ndi ana omangidwa ndi zingwe. Oyendetsa ulendowo anathawira m'thengo, ndipo anthu 84 anamasulidwa. Bishopo panalibe, pakuti anali atatsikira kumtsinje kukasamba; pobwera anapeza magoli atadulidwa ndi sowo wotengedwa m'katundu wace, napatsidwa khamu lonselo kuti alisunge.

Apa mpamene panayamba nchito yeniyeni, ndipo inu aphunzitsi muiyang'anitse. Magoli anadulidwa tsiku limodzi, koma anthu aja analibe kwao kobwerera, ndipo m'mawa mwace anafuna nsima. Mfumu Chigunda inawapatsa malo ku Magomero, ndipo Bishopo anakhala nao pamudzi umodzi, namanga nao nyumba, nagula cimanga ndi nsaru, natsuka zironda za ana ndi manja ace. Omasulidwa anaonjezeka kupitirira zana. Tsiku lina kamtsikana dzina lace Daoma katalephera kuyenda, iye anakanyamula pa phewa kufikira kumudzi, ngakhale anali mkulu wa ulendo, wokhala ndi anthu amtengatenga.

Koma sitibisa colakwa cace. Mafumu a Amang'anja anamdandaulira kuti Ayao ali kuwatha, ndipo iye, pogwidwa cifundo, anatenga mfuti, natsogolera nkhondo, natentha misasa ya Ayao. Pambuyo pace amishoniwo anazindikira kuti Ayao ambiri analinso othawa nkhondo ndi njala kwao, ndi kuti Amang'anja ena nao anali kugulitsa anthu. Anamva mbali imodzi ya mlandu, nauweruza ndi moto. Ife tiyesa kuti mtima wace unali woongoka, koma anafulumira. Ndipo nkhondo zija zinapasula minda m'dziko limene njala inali pafupi kulowamo. Ku England komwe Akristu ambiri anamdzudzula.

Mu January 1862 ananyamuka ndi mnzace Henry Burrup kukacingamira mlongo wace ndi mkazi wa Burrup, amene anali kudza pa sitima ya Livingstone. Inali nyengo ya dzinja. Bwato lao linatembenuzika usiku pa Shire, ndipo mankhwala onse a malungo anamira. Anafika pa cisumbu ca Malo, pamene Ruo athira mu Shire, napeza sitima palibe. Malungo anamgwira pomwepo, namwalira pa 31 January, ali ndi zaka 36. Burrup, wodwala iyenso, anamuika pafupi ndi Chiromo kuli cisisira, napemphera mapemphero a maliro monga anawakumbukira, pakuti kunada kosakhoza kuwerenga. Ananyamulidwa kubwerera ku Magomero, namwalira mu February.

Otsalawo anasamukira kwa Chibisa, kufupi ndi Chikwawa, osasiya ana amasiye aja. Mvula inakana, ndipo njala ya 1862 ndi 1863 inali yoopsa, kotero kuti mitembo inayandama pa Shire. Anagawa cakudya cocepa cimene anali naco, ndipo mbusa Scudamore ndi sing'anga Dickinson anafera komweko mu 1863. Bishopo watsopano, William Tozer, anacotsa mishoni, naikhazika ku Zanzibar mu 1864. Koma Horace Waller anakana kutaya akazi ndi ana osowa kolowera, namka nao ena ku Cape Town. Daoma anakulira kumeneko, nakhala mphunzitsi wa ana. Mnyamata wina wa ku Magomero, dzina lace Chuma, anatsata Livingstone. Ndipo mbuye wace atamwalira kwa Chitambo mu 1873, iye ndi Susi ndi anzao ananyamula mtembo miyezi yambiri kufikira ku Bagamoyo, pa gombe la nyanja yamcere.